Amayi ndi utsogoleri m'zipani zandale: mafunso ndi mayankho

Aliyense amene adapitako ku msonkhano wa chipani muno m'Malawi akudziwa amene amayamba kufika. Ndi amayi, atavala nsalu za chipani, ena ana ali kumsana, kupirira dzuwa kuyambira m'mawa mpaka mtsogoleri atatulukira chakumadzulo. Tsiku lovota nalonso mizere imatalika ndi amayi. Koma akuluakulu a chipani akakhala pansi kugawana maudindo ndi kukambirana za yemwe aimire chipani m'dera lakutilakuti, amayi amakhala owerengeka. Mafunso ali pansipa ndi amene amabuka kawirikawiri nkhaniyi ikayamba, ena ochokera kwa ofuna kudziwa, ena kwa otsutsa.

Kodi amayi alipo angati m'Nyumba ya Malamulo?

Pa chisankho cha 1994, choyamba chibwerereni ndale za zipani zambiri, amayi 10 okha ndiwo adapambana mwa aphungu 177. Chiwerengero chidakwera pang'onopang'ono mpaka kufika 43 mwa 193 mu 2009, kenaka chidagwa kufika pa 32 mu 2014. Mu 2019 chidabwereranso kupitirira pang'ono 40. Mu 2025 madera adawonjezeka kufika 229, komabe amayi sadakwane ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a aphungu onse. M'makhonsolo ndiye n'koipirako: mu 2014 ndi mu 2019 momwe, amayi sadakwane ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a makhansala onse.

Izi zikuchitika m'dziko limene kalembera wa 2018 adapeza kuti amayi ndi atsikana ndi oposa theka la anthu 17.5 miliyoni, ndiponso limene m'kaundula wa ovota amayi amaposa 55 mwa anthu 100 alionse.

Bwanji mukuloza chala zipani? Si ovota amene amasankha?

Wovota amasankha pakati pa nkhope zimene wazipeza pa pepala lovotera, ndipo nkhope zambiri zimaikidwapo ndi zipani. Kuno kwathu dera limodzi limatulutsa phungu mmodzi, choncho chipani chimaimika munthu mmodzi basi. Chikaimika bambo, mayi wa chipanicho watsala panjira tsiku lovota lisanafike n'komwe.

Palinso nkhani ya madera amene chipani chili ndi mphamvu. Tonse tikudziwa kuti MCP imakolola mavoti ambiri m'chigawo chapakati, DPP ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo UDF kwa zaka zambiri yakhala ikudalira Mangochi ndi Machinga. M'madera oterewa, amene watenga chizindikiro cha chipani amakhala atayamba kale kununkhira uphungu. Ndiye chipani chikamadzitama kuti chaimika amayi ambiri, funsani kuti chawaimika kuti. Kupereka kwa mayi dera limene chipani sichidapambaneko chiyambire, kwinaku madera otsimikizika akupita kwa abambo okhaokha, ndi kungokongoletsa mndandanda.

Kodi chisankho cha chipulula chimawapweteka bwanji amayi?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Chipulula, chimene ndi chisankho cha m'kati mwa chipani chopezera munthu woimira chipanicho m'dera, sichiyendetsedwa ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Chimayendetsedwa ndi chipani chokha, ndipo m'zipani zambiri malamulo ake sadziwika bwino ngakhale kwa opikisana. Ovota amakhala nthumwi zochokera m'makomiti a maeriya, choncho amene wagwira mndandanda wa nthumwi wagwira chisankho. Madandaulo amene timamva chaka chilichonse cha chisankho ndi omwewo: maeriya atsopano obadwa kutangotsala masiku ochepa, mayina a nthumwi zodziwika osowa pa mndandanda, tsiku kapena malo kusinthidwa opikisana ena osauzidwa, zotsatira kulengezedwa ku likulu zosiyana ndi zimene anthu adaona ndi maso pabwalo. Abambo nawonso amalira ndi zimenezi, koma amene amapulumuka ndi amene ali ndi anzawo m'komiti ya boma kapena ya chigawo, ndipo maubwenzi amenewa amamangidwa m'malo ndi m'nthawi zimene mayi wapabanja sangapezekeko popanda kunenedwa.

Kumene anthu amavotabe poima pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, vuto limakula. Nthumwi yachimayi imene mumtima ikufuna mayi mnzake imaima poyera, mwamuna wake akuona, nyakwawa ikuona, gavanala akuona, komanso bwana amene adatumiza lole yowanyamula ndi kuwagulira chakudya akuwerenga. Ndi angati angalimbe mtima pamenepo?

Wodandaula amakadandaula kwa omwewo amene adayendetsa chisankhocho. N'chifukwa chake ambiri amangoima paokha. Mu 2014 aphungu oima paokha adapambana 52, mu 2019 adapambana 55, ndipo ambiri mwa iwo, kuphatikizapo amayi, adachokera ku chipulula chimene sadakhutire nacho. Mayi akakanidwa ndi chipani chake n'kukapambana payekha m'dera lomwelo, ndi umboni wakuti ovota adali okonzeka, chipani ndicho chidatseka chitseko.

Nanga si chipani chilichonse chili ndi gulu la amayi ndi mkulu wa amayi?

Inde, ndipo magulu amenewa ali ndi mbiri yoyenera kuidziwa. Sadayambe ngati magulu ovina. Mu 1952 Rose Chibambo adayamba kusonkhanitsa amayi kuti alimbane ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo kuchokera apo padabadwa gulu la amayi la Nyasaland African Congress. Mu 1959 atsamunda adamumanga patangopita masiku ochepa atabereka, n'kupita naye kundende khanda lili m'manja. Chaka chomwecho Vera Chirwa adali m'gulu la amene adayambitsa Malawi Congress Party. Awa adali amayi okonza mfundo, otsutsana ndi abambo pamaso, omangidwa chifukwa cha maganizo awo.

Zinthu zidatembenuka ndi mkangano wa nduna wa 1964. Rose Chibambo, amene adali mayi yekhayo pa udindo wa wachiwiri kwa nduna, adachotsedwa n'kuthawira ku Zambia, komwe adakhala zaka 30. Vera Chirwa adagwidwa mu 1981 pamodzi ndi amuna awo a Orton, adaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo adatuluka m'ndende mu 1993. Kumudzi kuno gulu la amayi lidasanduka mbumba ya Kamuzu, Nkhoswe Nambala Wani, yonyamulidwa m'malole kukayimba ndi kuvina. Bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, limene lidabwera mu 1985, lidatanganidwa ndi ntchito zachifundo ndi zapakhomo, osati kukonzekeretsa amayi kulamulira. Zipani zimene zidabwera pambuyo pa riferendamu ya 1993 zidasintha mtundu wa nsalu koma zidasunga kachitidwe. Lero nkhope ya Rose Chibambo ili pa K200, koma ntchito imene iye adayambitsira gulu la amayi siidabwezeretsedwe.

Mpando wa mkulu wa amayi ndi wofunika, koma ukakhala mpando wokhawo umene amayi amauyembekezera m'komiti yaikulu, umasanduka mpanda. Amayi ena adaudumpha. Jean Kalilani ndi Grezelder Jeffrey adakhalapo alembi aakulu a DPP, Patricia Kaliati adakhala mlembi wamkulu wa UTM, ndipo Catherine Gotani Hara adasankhidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa MCP pa msonkhano waukulu wa 2024. Koma izi zimadalira nyengo ndi munthu, palibe lamulo la chipani limene limatsimikiza kuti akachoka iwowa padzabweranso amayi ena.

Ndiye amayi asiye kuvina pa misonkhano?

Ayi. Nyimbo ndi gule ndi chuma chathu, ndipo amayi akhala akudzudzula ndi kulangiza atsogoleri kudzera m'nyimbo kuyambira kalekale. Chimene tikukana ndi chakuti mayi amene wavinira chipani zaka khumi asafunsidweko maganizo pamene chipanicho chikulemba manifesito kapena kusankha woimira dera lake.

Malamulo a dziko akuti chiyani?

Malamulo aakulu a dziko, m'gawo 13, amalamula boma kuonetsetsa kuti amayi akutenga nawo mbali mokwanira m'zochitika zonse. Gawo 20 limaletsa tsankho, ndipo gawo 24 limanena za ufulu wa amayi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito za boma, amayi kapena abambo asachepere 40 kapena kupitirira 60 mwa anthu 100 alionse. Koma lamuloli silikhudza mipando yochita kuvoteredwa. Lamulo la zipani la 2018 nalonso silikakamiza chipani kuimika chiwerengero chakutichakuti cha amayi.

Kunja tidasaina zambiri. Mu 1997, mumzinda wa Blantyre momwe muno, atsogoleri a SADC adalonjeza kuti pofika 2005 amayi adzakhala 30 mwa 100 alionse m'maudindo opanga ziganizo. Mu 2008 adakweza lonjezo kufika theka pofika 2015. Malawi sidakwaniritse ngakhale loyambalo.

Mu 2017 bungwe la Law Commission, litaunika malamulo a chisankho, lidapereka ganizo loti boma lililonse mwa maboma 28 likhale ndi mpando umodzi wopikisana amayi okhaokha, kuwonjezera pa madera a nthawi zonse. Ganizoli silidasanduke lamulo. Madera atawonjezeka kuchoka pa 193 kufika 229, dziko lidapeza malo a mipando 36 yatsopano, koma ya amayi 28 ija idasowa malo.

Kodi kampeni ya 50:50 yapindula chiyani?

Kampeniyi, yofuna kuti theka la maudindo ovoteredwa likhale la amayi, idayamba chisankho cha 2009 chisanachitike, motsogozedwa ndi unduna woona za amayi pamodzi ndi mabungwe monga NGO Gender Coordination Network. Idaphunzitsa amayi opikisana, kuwapatsa zipangizo za kampeni ndi kuwapezera mpata pa wailesi, ndipo idathandiza kuti 2009 ikhale chaka chabwino. Idachititsanso kuti nkhani ya amayi m'ndale ikhale yokambidwa m'midzi. Kufooka kwake n'kwakuti thandizo limafika mochedwa, nthawi zambiri chipulula chitadutsa kale, ndipo limadalira ndalama za mayiko akunja zimene zimabwera chisankho chikayandikira n'kutha chikangotha. Kampeniyi imakonzekeretsa mayi, koma ilibe mphamvu pa malamulo a m'kati mwa chipani.

Kusungira amayi mipando si kukondera kodi? Bwanji asapikisane mwaluso lawo?

Mpikisano umene ulipo lero suyesa luso lokha. Umayesa thumba, maubwenzi ndi mabwana, komanso mphamvu zolimbana ndi anyamata olembedwa ganyu. Malire a chiwerengero amangokakamiza chipani kufunafuna amayi aluso amene ali kale m'makomiti ake.

Anansi athu adayesa njira zosiyanasiyana. Ku Rwanda malamulo a 2003 adasungira amayi mipando 24 mwa 80, ndipo mu 2008 dzikolo lidakhala loyamba padziko lonse kukhala ndi aphungu achimayi oposa theka. Uganda ili ndi phungu wachimayi wa boma lililonse, zofanana ndi ganizo la Law Commission lija. Zimbabwe idaika mipando 60 ya amayi m'malamulo ake a 2013. Kwina sikudafunike lamulo la dziko: ANC ku South Africa, Frelimo ku Mozambique ndi SWAPO ku Namibia zidadziikira zokha malire m'malamulo a chipani. SWAPO idavomereza mu 2013 mndandanda wosinthanitsa mayi ndi bambo kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mu 2025 Netumbo Nandi-Ndaitwah wa chipanicho adalumbira kukhala mtsogoleri wa dziko. Zambia, imene kwa zaka zambiri yakhala ikuvota ngati ife popanda malire otere, yakhala ndi chiwerengero chotsika ngati chathu ngakhale idakhala ndi Inonge Wina ndi Mutale Nalumango pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti.

Wina anena kuti ku South Africa, Mozambique ndi Namibia amavotera mndandanda wa chipani, choncho n'kosavuta. Zoona. Koma ku Britain, komwe amavota dera ndi dera monga kuno, chipani cha Labour chidapatula madera ena amene chidali ndi mwayi wopambana kuti chipulula chake chikhale cha amayi okhaokha, ndipo mu 1997 chidalowetsa amayi 101 m'nyumba ya malamulo. Njira imeneyi chipani chilichonse cha kuno chikhoza kuitenga pa msonkhano waukulu umodzi.

Tivomereze kuti mipando yapadera ili ndi zovuta zake. Phungu wopanda dera lakelake amatha kuonedwa ngati wachiwiri kwa anzake, ndipo ngati osankha ndi mabwana a chipani, mipandoyo imathera kwa abale ndi okondedwa. N'chifukwa chake mipando yotere iyenera kuvoteredwa ndi anthu onse a m'bomalo.

Malawi idakhalapo kale ndi pulezidenti wachimayi. Si umboni kuti njira ndi yotsekuka?

Taonani mmene Joyce Banda adafikira. Adasankhidwa kukhala wachiwiri kwa Bingu wa Mutharika mu 2009, adachotsedwa mu DPP mu Disembala 2010, ndipo adachita kuyambitsa chipani chakechake cha People's Party mu 2011. Adalumbira pa 7 Epulo 2012 chifukwa malamulo a dziko adatero Bingu atamwalira. Pa zipani zazikulu zimene adazipeza, palibe chimene chidamukweza kufika pamwamba. Loveness Gondwe naye, pofuna kupikisana pa upulezidenti mu 2009, adatsogolera chipani chatsopano cha NARC.

Mu 2014, nkhani ya Cashgate ili m'kamwam'kamwa, Joyce Banda adakhala wachitatu. Ovota adali ndi ufulu womuweruza monga mtsogoleri aliyense. Chopweteka n'chakuti mlandu udagwera amayi onse. Kunkamveka mawu akuti tidayesa mayi ndipo zakanika, ndipo aphungu achimayi adatsika kuchoka pa 43 kufika 32. Abambo angapo alamulirapo dziko lino n'kuchotsedwa ndi ovota, koma sitidamvepo kuti abambo ayesedwa ndipo akanika.

Zipatso zina zilipo. Catherine Gotani Hara adakhala sipikala woyamba wachimayi mu 2019, ndipo Jane Ansah adakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2025. Koma pa chisankho chomwecho cha 2025, mwa opikisana 17 pa upulezidenti, mayi adali mmodzi yekha.

Anthu amati ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Kodi chikhalidwe chathu chimalola mayi kutsogolera?

Mbiri yathu ikutsutsa mawu amenewa. Mu ufumu wa Maravi, Kalonga sankalamulira popanda Nyangu. Ku Msinja, Makewana ndiye ankatsogolera mapemphero a mvula. M'masiku athu ano Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza idathetsa maukwati a ana ambirimbiri n'kuwabwezera kusukulu, mafumu aamuna akumvera. M'midzi yambiri ya Achewa, Ayao ndi Alomwe mbumba ndiyo imasankha mfumu.

Pali chopinga chimodzi cha chikhalidwe chimene sichikambidwa mokwanira. Mayi wokwatiwa kutali ndi kwawo akafuna kuima kwa mwamuna wake amauzidwa kuti ndi mtengwa, si wakuno. Akabwerera kwawo amauzidwa kuti adatuluka kale. Wosakwatiwa amafunsidwa kuti alamulira bwanji dera pomwe banja lidamukanika. Lamulo silifunsa zonsezi. Limafuna kuti munthu akhale nzika, wa zaka 21 kapena kuposerapo, wolembetsa m'kaundula wa ovota, komanso wotha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga mbali m'zokambirana za m'Nyumba.

Ndalama zimafunika zingati?

MEC imachepetsera amayi ndalama yolembetsera ndi theka. Mu 2019 abambo ofuna uphungu adalipira K500,000 pomwe amayi adalipira K250,000. Mu 2025 zidakwera kufika K2.5 miliyoni kwa abambo ndi K1.25 miliyoni kwa amayi. Ndi thandizo lenileni, koma ndalama imeneyi ndi kadontho chabe. Zambiri zimathera ku chipulula, mafuta a galimoto, nsalu ndi malaya, mamonitala a tsiku lovota, komanso zimene anthu amayembekezera kwa shado zaka zingapo chisankho chisanafike: bokosi la maliro, fizi ya ana, galimoto yopita ndi wodwala kuchipatala, kukonzetsa mjigo. Amayi ambiri alibe chikole chotengera ngongole yaikulu kubanki, ndipo za ku banki m'khonde sizingafike pamenepo.

Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti. Litatsatidwa mosakondera lingathandize amayi kuposa maphunziro alionse, chifukwa lingachotse mpikisano m'thumba n'kuubwezera pa mfundo. Komanso zipani zopeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi zimalandira ndalama za boma, zimene ndi misonkho ya amayi ndi abambo omwe. Palibe cholakwika kufuna kuti gawo la ndalamazo lizidalira chiwerengero cha amayi amene chipani chaimika.

Nanga nkhanza?

Zilipo, ndipo zimathamangitsa amayi ambiri asanayambe n'komwe. Mu Januwale 2019 ku Mangochi, mayi wina adavulidwa zovala za chipani chake ndi anyamata, kanema wake n'kufalitsidwa dziko lonse. Zina sizijambulidwa: kutukwanidwa pa msonkhano, kunamiziridwa chiwerewere pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndiponso akuluakulu ena a chipani amene amafuna thupi la mayi kuti amuthandize kudutsa chipulula. Gender Equality Act imati kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana ndi mlandu, ndipo lamulo la 2016 loona za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni kapena kompyuta. Sungani mauthenga ndi zithunzi, kanenani kupolisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo nthawi ya kampeni dziwitsaninso komiti ya m'boma imene imakumanitsa zipani zonse. Koma chipani chimene chikudziwa anyamata ake chisabisale kumbuyo kwa apolisi. Chili ndi mphamvu yochotsa pa mpikisano aliyense amene anthu ake achita zotere.

Amayi akalowa m'Nyumba, chimasintha n'chiyani?

Gulu la aphungu achimayi, mogwirizana ndi mabungwe komanso abambo ena, lidakankha malamulo amene lero akuteteza mabanja: loletsa nkhanza za m'banja la 2006, la chuma cha masiye la 2011 limene lidaika kulanda katundu wa amasiye kukhala mlandu, la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu mu 2017 kumene kudatseka mpata wokwatitsa mwana wosafika zaka 18. Sikuti phungu aliyense wachimayi ndi wabwino. Ena amakhumudwitsa monga amachitira abambo, ndipo ovota ali ndi ufulu wowachotsa.

Ndine mayi ndipo ndikufuna kudzapikisana. Ndiyambire pati?

Yambani lero, mayi, musadikire chaka cha chisankho. Pezani malamulo a chipani chanu ndipo muwawerenge, chifukwa ambiri amene adzakuuzeni kuti malamulo salola sadawawerengepo. Lowani m'komiti ya nthambi kapena ya eriya, ndipo musangothamangira mpando wa amayi: pikisanani pa wapampando, mlembi kapena msungichuma. Dziwani maeriya onse a m'dera lanu ndi atsogoleri ake, mayina ndi nkhope. Ukhansala musaunyoze, ndi sukulu yabwino ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Kambiranani ndi a pabanja panu msanga kuti mabodza akadzayamba adzapeze adziwa kale. Chipulula chikayandikira, pemphani mndandanda wa nthumwi, tsiku ndi malo zolembedwa papepala, ndipo mukhale ndi anthu anu owerenga nawo mavoti.

Nanga ife abambo a m'chipani tichitepo chiyani?

Inu ndinu ambiri m'makomiti amene amasintha malamulo, choncho zambiri zili m'manja mwanu. Pa msonkhano waukulu ukubwerawu, bweretsani kapena vomerezani mfundo zoti maudindo a m'komiti iliyonse, kuyambira ku nthambi mpaka ku likulu, azigawidwa mosapitirira 60 mwa 100 kwa amayi kapena abambo. Chipulula chizikhala chovota mwachinsinsi, mndandanda wa nthumwi uzitsekedwa ndi kupachikidwa poyera miyezi ingapo tsiku lisanafike, ndipo madandaulo azimvedwa ndi anthu ena osati amene adayendetsa chisankho. M'madera amene chipani chili ndi mphamvu, makamaka kumene phungu wakale sakuimanso, patulani ena kuti mupikisane amayi okhaokha. Gulu la amayi lipatsidwe thumba lakelake la ndalama, ndipo misonkhano ya komiti izichitika masana, pamalo amene mayi angafike ndi kubwerera kwawo kusanade.